Paipi ya M'mphuno

Azakhali anga anagwa pakhonde m'mawa wina wa mwezi wa July, tsache lili m'manja, kunja kukuwaza kamvula kaja ka ku Mzuzu kamene sikadzaza ndowa koma kamalowa mpaka m'mafupa. Mmene anyamata apafupi ankawanyamula n'kuti pakamwa patakhota, mkono wakumanja uli lende ngati si wawo. Ku Chibanja, kufupi ndi bwalo la ndege kuja, galimoto sisowa bola ukhale ndi ya mafuta, choncho dzuwa lisanakwere anali atagonekedwa kale m'wodi ya amayi. Adokotala anati ndi sitiroko.

Tsiku lachiwiri namwino anatiitanira pakhonde la wodi. Analankhula m'Chitumbuka, mofatsa, manja ali kumbuyo. Anati amama sakumeza, ndipo madzi amene tinkawamwetsa ndi supuni aja ena ankalowera kumapapo, n'chifukwa chake ankatsokomola mpaka misozi. Anapempha kuti tilole awaike paipi ya m'mphuno yoti azidyera. Ola lisanathe foni ya mlamu wanga, amene ankawasamalira m'wodimo, inali italira kanayi. Mwana woyamba wa azakhali, amene ali ku Joni, ananena mawu amene ndinawamvapo kale ku Zomba ndi ku Kasungu: "Alamu, musalole. Munthu akamuika paipi ndiye kuti kwatha."

Ine ndinakwiya naye tsiku limenelo. Pano ndimamumvetsa, ngakhale sindigwirizana naye, chifukwa mantha akewo ali ndi pamene anachokera, ndipo mbiri ya kapaipi kameneka ili ndi manda ake.

Aliyense amene anazingapo mbuzi amadziwa kuti pakhosi pali njira ziwiri. Yakutsogolo ndi yolimba, ya timphete, yokhala chitsegukire. Imeneyo ndi ya mpweya ndipo imathera m'mapapo. Kumbuyo kwake kwabisala ina yofewa, yophwafuka ngati thumba lopanda kanthu, yotsitsira msipu kuchifu. Munthu naye analengedwa chimodzimodzi. Tikamameza, kholingo limakwera, kachitseko kakang'ono n'kuphimba njira ya mpweya, chakudya n'kutsetserekera kumbuyo. Timachita zimenezi kambirimbiri patsiku osaganizako n'komwe, mpaka tsiku limene tatsamwa thobwa chifukwa choseka. Tsono paipi ikalowa m'mphuno imakafika pamphambano pomwepo, ndipo woikayo saona kumene yakhotera. Njira yotseguka, yosavuta kulowamo, ndi yolakwika ija. Zaka zoposa mazana awiri zimene madokotala akhala akudyetsera anthu m'mapaipi, funso lakhala limodzi lomweli: nsonga yake ili kuti?

Kale kwambiri analibe n'komwe mtima woyesa njira ya kumtunda. Asing'anga a ku Egypt ndi ku Greece ankapopera msuzi, mkaka ndi vinyo kudzera kotulukira chimbudzi, poganiza kuti thupi litolako kenakake. Mchitidwewu unakhalitsa moti mu 1881, pulezidenti wa dziko la America James Garfield atawomberedwa, madokotala ake ankamudyetsabe msuzi wa ng'ombe ndi mazira kudzera njira yomweyo. Anamwalira atawonda kwambiri. Matumbo a kumapeto amamwa madzi ndi mchere, koma sagaya chakudya.

Amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anatsegula njira yeniyeni ndi John Hunter, dokotala wa opaleshoni wa ku Scotland amene ankagwira ntchito ku London. Mu 1790 anamubweretsera bambo amene minofu yomezera inafa, matenda ofanana ndi a azakhali anga. Mapaipi a mphira anali asanafale. Hunter anatenga chikopa cha mkunga, nsomba yaitali ngati njoka ija, n'kuchiveka pa kamtengo kofewa kochokera m'kamwa mwa namgumi. Kumtunda anamangirirako chikhodzodzo cha nyama chokhala ngati botolo, ndipo kudzera m'menemo anatsitsira m'mimba mwa wodwalayo mazira omenya, mkaka, shuga ndi vinyo. Patapita masabata bamboyo anayambanso kumeza yekha. Chimene chimandisangalatsa pa nkhaniyi ndi chakuti Hunter sanachize matendawo. Anangomusunga munthuyo kuti asafe ndi njala pamene thupi linali kudzikonza lokha, ndipo mpaka lero ntchito ya paipi ndi yomweyo.

Ena anaona kuti njira yolowetsera ingakhalenso yotulutsira. Mu 1812 ku Philadelphia, Philip Syng Physick anatsuka m'mimba mwa mapasa akhanda amene anamwetsedwa mankhwala ogonetsa opyola muyeso, mmodzi anapulumuka. Koma m'zaka zotsatira paipi inatenganso mbiri yoipa. M'zipatala za odwala misala ankaigwiritsa ntchito pokakamiza okana kudya, ndipo kuyambira mu 1909 boma la Britain linayamba kuilowetsa mwankhanza m'mphuno ndi m'kamwa mwa amayi omenyera ufulu wovota amene ankanyanyala chakudya m'ndende. Ankawapanikiza pampando, anthu angapo atawagwira manja ndi miyendo, ndipo ena mwa iwo anadwala chibayo chifukwa chakudya chinalowera kumapapo. Choncho kuiopa paipi sikunayambe ndi Amalawi.

Paipi yofanana ndi imene timaidziwa lero inabwera mu 1921, kawiri m'chaka chimodzi. Ku New Orleans, Abraham Levin anapanga yamphira yofewa yolowera m'mphuno. Ku London, pachipatala cha Guy's, John Ryle anapanga ina yopyapyala imene munthu ankatha kuimeza. Ryle sanaipangire kudyetsera. Ankafuna kumakoka timadzi ta m'chifu kuti ayeze kuwawasa kwake pofufuza zilonda za m'mimba. Dzina lake linakakamira, moti m'mayiko amene unamwino wake unachokera ku Britain mpaka lero ena amangoti paipi ya Ryle, ngakhale m'mawodi mwathu mumamveka kwambiri zilembo zitatu zija, NGT. Patapita zaka khumi, Owen Wangensteen wa ku Minnesota anasonyeza kuti kukoka mpweya ndi madzi m'mimba mwa munthu amene matumbo ake atsekeka kumapulumutsa ambiri amene kale ankafa. Madokotala athu a opaleshoni amaidziwa bwino ntchito imeneyi, pakuti kupotana kwa matumbo ndi vuto lofala kuno. Bambo wobwera mimba itatupa ngati ng'oma amamuika paipi, osati kuti adye ayi, koma kuti mimbayo iphwe asanalowe ku fiyeta.

Kumpoto kuno chipatala cha chizungu chinafika kale kuposa tawuni ya Mzuzu. Amishoni a Livingstonia anakhazikika ku Ekwendeni mu 1889, ndipo chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa paphiri la Khondowe mu 1911, pamene malo amene lero ndi Chibanja, Chibavi ndi Katoto anali tchire ndi madambo. Mzuzu inamera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 chifukwa cha esiteti ya mitengo ya tung, ndipo inadzakhala mzinda mu 1985. Masisitere a Medical Missionaries of Mary, gulu lochokera ku Ireland, anayambitsa chipatala cha St John's mu 1962 n'kuyamba kuphunzitsa anamwino. Kwa zaka zambiri chimenecho ndicho chinali chipatala chachikulu cha m'tawuni, kufikira mu 2000 pamene Mzuzu Central inatsegulidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan n'kuyamba kulandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba. M'zaka zimenezo paipi nayo inasintha. Yamphira yofiira, imene ankaiwiritsa n'kuigwiritsanso ntchito pa wodwala wina, inasiyira malo yapulasitiki yoonekera mkati, yobwera m'pepala lake lomata, yokhala ndi manambala m'mbali ndi kamzere kooneka pa X-ray. Kukula kwake amawerengabe ndi muyeso wa Joseph Charrière, mmisiri wa zida za opaleshoni wa ku Paris: ukagawa nambalayo patatu wapeza mamilimita. Ya nambala 6 ndi ya khanda, ya 14 kapena 16 ndi ya munthu wamkulu.

Kumayiko olemera paipi imakumbutsa anthu za nkhalamba. Kuno nkhope imene yakhala ikuivala kwambiri ndi ya mwana. Mwana wokomoka ndi malungo aakulu sangayamwe, ndipo shuga wa m'magazi mwake amatsika mofulumira. Pamene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ankafufuza malungo a muubongo ku Queen Elizabeth Central Hospital, n'kufalitsa mu 1989 njira yoyezera kukomoka kwa ana yotchedwa Blantyre Coma Score, ankasamalira ana amene ankagona masiku osatsegula maso, ndipo mwana wotero ngati sali pa diripi ndiye kuti akudyera m'mphuno.

Koma kumene Amalawi ambiri anaiona paipi koyamba ndi ku NRU, mawodi a ana onyentchera aja, monga Moyo ya ku Queens. Mwana wotupikana miyendo ndi nkhope, tsitsi litafiira, amene agogo kumudzi amati ndi tsempho, amafika poti njala yeniyeniyo imamuthera. Umamupatsa phala, iye kutembenuza nkhope. Ndipo chodabwitsa n'chakuti ukamukhutitsa msanga chakudya cholemera ukhoza kumupha, chifukwa mtima ndi chiwindi zafooka. N'chifukwa chake malangizo a WHO a mu 1999 anakhazikitsa mkaka wamadzimadzi wotchedwa F-75, wokhala ndi makalori 75 pa mamililita 100 alionse, woperekedwa pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu alionse usana ndi usiku, kenako F-100 mwana akayamba kutsitsimuka. Lamulo lake ndi lakuti mwana akamalephera kumaliza magawo 80 pa 100 a mkaka wake, wotsalawo ulowe kudzera m'paipi. Mayi amayamba wayesa ndi kapu, paipi imangomalizitsa.

M'chaka cha njala cha 2002 mawodi amenewa anasefukira. Inali nthawi yomweyo pamene chiponde cha kuchipatala, chimene André Briend ndi Michel Lescanne anapanga ku France mu 1996, chinkayesedwa ku Blantyre ndi Mark Manary komanso ku Dowa ndi mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International. Zinaoneka kuti mwana amene akadali ndi chilakolako cha chakudya akhoza kuchirira kunyumba, akunyambita chiponde pamsana pa mayi ake. Boma linavomereza njirayi, ndipo ana zikwizikwi sanagonenso m'chipatala. Koma taonani chimene chinatsatira. Otsala m'wodi anakhala okhawo odwalitsitsa: okana kudya, otsegula m'mimba, a chibayo, a kachilombo. Iwowo ndi amene amavala paipi, ndipo mwa iwo ndi mmene mumachokera maliro. Mayi wokhala pabedi loyandikana amaona paipi ikulowa Lachiwiri, Lachinayi n'kumva kulira. Amabwerera kumudzi ndi zimene waona ndi maso ake, ndipo palibe angamuuze kuti akunama. Mantha omwewa ndi amene anthu ali nawo pa mpweya wa oksijeni. Zonse ziwiri zimafika kwa amene ali kale pakhomo la imfa, ndiye zimasenza mlandu wa matenda amene anazitsogolera.

Kuli gulu linanso laling'ono kuposa onse. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, ana 18 pa 100 alionse. Khanda silitha kuyamwa, kumeza ndi kupuma mogwirizana mpaka mimba itafika masabata pafupifupi 34. Lobadwa nthawiyi isanakwane limatopa ndi bere, kapena kutsamwa. Njira ya kangaroo, yomangirira khanda pachifuwa cha mayi khungu kwa khungu, inayambira ku Bogotá mu 1978 ndipo kuno inafikira ku Zomba Central mu 1999. M'zipinda zimenezo mayi amafinyira mkaka wake m'kapu, kuuthira mu sirinji yochotsa chokankhira, kuikweza m'mwamba pang'ono, mkaka n'kumatsika wokha m'kapaipi kowonda ngati udzu. Makanda amene ali pa makina othandiza kupuma a Pumani, amene anapangidwa mogwirizana ndi Rice University ndi madokotala a ku Queens, paipi yawo imalowera m'kamwa chifukwa mphuno zatanganidwa. Anyamata ndi atsikana ena amene lero akuthamanga m'misewu ya Chibanja anayamba moyo wawo motero, ndipo palibe amawaloza kuti awa ndi a paipi.

Tsono mwana wa azakhali uja analakwa ponena kuti paipi ndi chizindikiro cha kutha. Koma akanati paipi ikhoza kupha, akanalondola. Ikalowa m'njira ya mpweya, munthu wamphamvu amatsokomola, amabanika, mawu amazimirira, milomo imada, ndipo namwino amaizula nthawi yomweyo. Vuto ndi lakuti amene amafunika paipi kawirikawiri ndi amene sangatsokomole: wokomoka, wa sitiroko, khanda lofooka. Mwa iwo imatha kutsika mpaka m'mapapo mwakachetechete. Ukathiramo mkaka, munthu amamira ali pabedi louma.

Kwa zaka zambirimbiri anamwino a dziko lonse ankaphunzitsidwa kutsimikiza ndi khutu. Umakoka mpweya mu sirinji, kuika choyezera pamimba, kukankha mpweyawo msanga n'kumvetsera phokoso ngati la madzi owira. Ukalimva, basi yafika. Zinatenga imfa zambiri kuti anthu avomereze kuti phokosolo limamvekanso paipi ili m'mapapo, chifukwa chifuwa ndi mimba n'zoyandikana ndipo mawu amadutsa. Mu 2005 bungwe loona za chitetezo cha odwala ku England ndi Wales, National Patient Safety Agency, linaletsa njira ya khutuyi litalandira malipoti a imfa 11 m'zaka ziwiri. Linalamula kuti aziyamba akoka timadzi ta m'paipimo n'kutidontheza pa kapepala koyezera kuwawasa. Timadzi ta m'chifu ndi towawasa, pH yake imakhala 5.5 kapena kutsika; ta m'mapapo si towawasa. Zikakayikitsa, X-ray. Umu ndi mmene kuwawasa kumene Ryle ankakusaka mu 1921 pa zifukwa zina kunadzasandukira mboni yodalirika. Ngakhale zinali choncho, pakati pa September 2005 ndi March 2010 anthu enanso 21 anamwalira ndipo 79 anavulala m'mayiko awiriwo, ambiri chifukwa dokotala anawerenga molakwika chithunzi cha X-ray. Kumeneko n'kumene kuli makina onse.

Nanga kuno? Buku la m'thumba la WHO losamalira ana m'zipatala zazing'ono, limene makliniko ofisa ambiri amayenda nalo, limati kokani timadzi muone ngati tikusandutsa kapepala kabuluu kukhala kofiirira, ndipo ngati palibe chatuluka, kankhani mpweya mumvetsere. Olemba bukulo sanali mbuli. Ankadziwa kuti pali zipatala zimene X-ray ili kutali, magetsi athima, mwana akufa ndi njala usiku womwewo. Komabe ine ndimaona kuti apa pali chinthu chochititsa manyazi. Timapepala ta pH si makina a mamiliyoni. Kabokosi kake kamakwana m'thumba la yunifolomu, sikafuna magetsi, ndipo mtengo wake sufika pa wa mafuta a ulendo umodzi wa ambulansi. Timalira kusowa kwa zida zazikulu, chonsecho chinthu chaching'ono chonchi chikasowa m'kabati palibe amaimba lokoma kapena loipa.

Banja lathu linakangana mpaka madzulo. Amene anathetsa nkhani ndi abambo aakulu, mchimwene wa malemu amuna a azakhali, amene anabwera kuchokera ku Ekwendeni. Anamvetsera onse, n'kufunsa namwino funso limodzi: "Mwana wanga, akanakhala amama ako ukanatani?" Iye anati akanawaika dzulo. "Yewo. Ikani."

Ndinaima kumutu kwa bedi. Namwino anayamba wawakhazika azakhali tsonga, mapilo kumsana, n'kuwauza zonse zimene achite ngakhale sitinkadziwa ngati akumva. Anafunsa ngati anavulalapo mphuno kapena mutu. Anatiuza kuti anyamata a kabaza obwera atasweka chigaza sawaika paipi m'mphuno, chifukwa ikhoza kulowera kumene fupa lasweka. Kenako anayeza. Anaika nsonga ya paipi pamphuno, kuikokera kukhutu, kuchoka pakhutu kutsika mpaka pamene fupa la pachifuwa limathera, n'kumatapo kapulasitala pa nambala imene anapeza. Anapaka mafuta oterera kunsonga. Sanailozetse m'mwamba monga ine ndinkaganizira, koma chakumbuyo, molunjika kukhutu. Azakhali anakwinya nkhope, misozi n'kutuluka m'diso limodzi. Itafika pakhosi anawaweramitsa mutu pang'ono, chibwano chakuchifuwa, akunena kuti, "Mezani amama, mezani." Munthu wotha kumeza amamupatsa madzi kuti amwe paipi izitsika nawo, koma kwa iwo madziwo ndiwo anali mdani. Anaikankha pang'onopang'ono mpaka kapulasitala kanafika pamphuno. Anawatsegula kukamwa n'kuunika ndi tochi ya foni, kuona ngati sinadzipinde kukhosi. Anayang'ana kapumidwe kawo kwa kanthawi ndithu.

Ndiye analumikiza sirinji n'kukoka. Sipanatuluke kanthu. Anawagoneka chakumanzere, kudikira mphindi zingapo, kukokanso. Kunabwera timadzi tachikasu, tosakwana n'komwe supuni yaing'ono. Anatulutsa kapepala m'thumba, kudonthezapo, kufananiza mtundu wake ndi wa pakabokosi, n'kundionetsa ngati kuti ine ndimadziwa kuwerenga zimenezo. "Folo," anatero. Analemba nambalayo m'faelo pamodzi ndi nambala ya pamphuno, 56, ndipo atatero m'pamene anamata paipiyo pamphuno ndi patsaya.

Pali chinthu chimodzi chimene mabuku a ku London sachidziwa bwino za chipatala cha kuno. Amene amathira phala m'paipi nthawi zambiri si namwino. Ndi gadiyani. Usiku namwino mmodzi kapena awiri amayang'anira wodi yonse, pamene pansi pa bedi lililonse pagona mwana wamkazi, mpongozi kapena mng'ono wa wodwala, amene amachapa, kuphika kukhitchini ya magadiyani, kutembenuza wodwala ndi kumudyetsa. Chitetezo cha paipi chili m'manja amenewo. Mlamu wanga anaphunzira zonse tsiku limodzi. Phala la Likuni lizikhala lamadzimadzi, losefa, lofunda ngati mkaka wa m'mawere. Wodwala akhale tsonga podya ndipo asagone chagada mpaka patapita theka la ola kapena kuposa. Asanathire kanthu ayang'ane nambala ya pamphuno. Ngati si 56, asathire, aitane namwino. Asakankhe ndi mphamvu, phala lizitsika lokha. Akamaliza atsukuluze ndi madzi owiritsa kuti paipi isatsekeke. Wodwala akasanza, akatsokomola kwambiri kapena kuikoka, zonse ziime.

Pabedi loyang'anana nalo panali agogo ena, nawonso a paipi, owasamalira ali mdzukulu wa zaka ngati 16 amene anafika usiku kudzalandira mayi ake. Palibe anamufotokozera kalikonse. M'bandakucha agogowo anaikoka paipi mpaka theka linali panja. Mtsikanayo, poopa kukalipiridwa, anaibwezera yekha ndi zala, kumata pulasitala bwinobwino, n'kuyamba kusungunula phala. Mlamu wanga anadzuka ndi phokoso la supuni m'kapu. Anamugwira dzanja sirinji ili kale m'mwamba. "Iwe mwana, dikira. Safunsa anadya phula." Namwino atabwera anakoka ndi sirinji osapeza kanthu, n'kuizula yonse kuti ayambirenso. Sanamukalipire mtsikanayo. Anamukhazika pansi n'kumuonetsa nambala ya pamphuno, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtsikanayo ndi amene ankakumbutsa wodi yonse.

Kumayiko ena munthu amene kumeza kwake kwachedwa kubwerera amamuboola pamimba n'kuika paipi yolunjika m'chifu, njira imene Michael Gauderer ndi Jeffrey Ponsky anailengeza ku Cleveland mu 1980. Kuno ndi ochepa amene amafika pamenepo. Ambiri amatuluka ndi paipi ya m'mphuno yomweyo, kumabwerera kuchipatala kukasintha, banja likusefa phala ndi msuzi wa nyemba kunyumba. Ndipo alipo ena amene paipi singawathandize, monga odwala khansa ya kummero, imene Malawi ili m'gulu la mayiko otsogola nayo padziko lonse. Chotupa chikatseka njira, paipi imasowa podutsa, ndipo madokotala amayesa kuikamo kawaya kolukana kotsegula njirayo. Pali nthawinso pamene wodwala ali kumapeto kwenikweni ndipo paipi ingomuwonjezera ululu. Pamenepo banja lokana silinalakwe. Chofunika n'chakuti likane litamva zoona zake, osati za pa basi.

Azakhali anatuluka ndi yawo. Anakhala nayo ku Chibanja masabata atatu, ana apafupi akusuzumira pawindo, amayi a mvano akubwera kudzapemphera maso awo ali pamphuno. Ena ankatsika mawu potuluka, ndipo ndikudziwa kuti analipo amene anayamba kale kufunsa ngati maliro adzapite kumudzi kapena adzaikidwe m'tawuni momwemo. Paulendo wachitatu wa kuchipatala, namwino wina anawapatsa theka la supuni ya phala lolimbirako, zala zake zili pakhosi pawo. Kholingo linakwera, n'kutsika. Anadikira, n'kuwauza kuti anene "aa". Mawu anatuluka oyera, opanda kulira kwa madzi. Anabwereza kasanu. Patapita masiku awiri akudya motero, anamatula pulasitala n'kuisolola paipi kamodzi n'kamodzi, chinthu chimene tinakanganirana tsiku lathunthu n'kutuluka m'masekondi atatu.

Azakhali anaiyang'ana ili m'beseni, yaitali, yachikasu kunsonga. Lilime linali lolemerabe koma tinamva. "Chonsechi chinali mwa ine?" Kenako anapempha tiyi. Namwino anapukusa mutu. Anati zamadzimadzi ndizo zimathamangira kumapapo kuposa zolimba, ndiye tiyi adikire kaye sabata ina, pakadali pano phala ndi nthochi yokanya. Azakhali anatembenukira kukhoma, kunyanyala. Mlamu wanga anatuluka panja kukaimbira foni ku Joni, ndipo ine ndinatsala ndikupukuta zomata za pulasitala zimene zinatsalira pamphuno pawo.